Dalaivala wa Galimoto Yopanda Injini

Yasin Ajibu ndi munthu woti ukamufunsa za ana ake amayankha mwachidule, koma ukalakwitsa n'kumufunsa za galimoto, yamba wapeza pokhala. Ndi mmene adalili kale. Kwawo ndi ku Ntaja, m'boma la Machinga. Adayamba ngati kondakitala wa minibasi ya pakati pa Liwonde ndi Nselema, akulendewera pachitseko ndi kukuwa mpaka mawu kusasa, ndipo chiwongolero adachiphunzira mobera, dalaivala wake akapita kokadya. Atafika ku Doha adagwera ntchito imene madalaivala ambiri amangoilota: nyumba imodzi ku Al Waab, banja limodzi, galimoto imodzi.

Bwana wake adali a Stafford, mzungu wa ku Joni, injiniya pa kampani ina ya gasi. Iwowo ankayenda pa galimoto ya kuntchito, yodziyendetsera okha. Ya Yasin idali Subaru yobiriwira, yachikale ndithu, yonyamula adona ndi ana awo awiri. M'mawa kusukulu, kenaka kokagula zinthu, masana kusukulu konko, madzulo kokasambira. Galimoto imeneyi Yasin ankaisamala mopitirira muyeso. Asanatuluke pageti ankatsegula boneti, kuona oyilo, kupukuta fumbi pa injini ndi kansanza kake kapadera, kenaka n'kuiliza, iye n'kuima pambali mutu atapendeketsa, kumvetsera.

Flora, mayi wa ku Mulanje yemwe ankaphika ndi kuchapa m'nyumbamo, sankamusiya.

"Achimwene, akazi anu a Mwanjuma akadzamva kuti kuno muli ndi mkazi wachiwiri, ine musadzandiitane kuti ndikachitire umboni."

"Mkazi ameneyu sanandinyozepo," ankayankha Yasin, uku akupukutabe.

Tsono bwana Stafford adali ndi nthenda yawo. Anthu ena akakhuta amaweta nkhunda. Iwo ankamanga ndege m'galaja. Osati kandege koseweretsa ana ayi, ndege yeniyeni yokwera anthu awiri. Idabwera m'mabokosi, zidutswazidutswa za malata opepuka, ndipo tsiku loyamba kuiona Yasin adayesa bwato. Atauzidwa kuti chinthucho chidzauluka ndi munthu m'kati, adati "Yes, sir," monga mmene munthu wantchito amayankhira misala ya bwana wake, n'kupita kukatsuka matayala.

Kenaka kudabwera korona. M'mwezi wa Malichi, chaka cha 2020, adona adatenga ana kupita ku Joni kukaona amayi awo omwe ankadwala, ndipo zipata za maiko zidatsekedwa iwo ali komweko. Sukulu zidatsekedwa, misewu ya Doha idangoti zii. M'nyumba yonse ija mudatsala anthu atatu: bwana, Flora ndi Yasin. Subaru inkatuluka mwa apo ndi apo, kukatenga mkate ndi ndiwo basi. Bwana ankagwirira ntchito kunyumba, ndipo popeza wowaitana kuti adzadye kapena adzagone padalibe, ankaswera m'galaja. Pofika kumapeto kwa Epulo ndege idali itaima pa matayala ake atatu, mchira uli m'malo, mipando ili m'malo, mapiko atatsamira khoma. Koma kumphuno kwake kudali phanga. Injini imene adaitanitsa ku Ulaya siidabwere. Kufakitale kudali kotseka, ndipo yankho lidali limodzi lokha: dikirani.

Kudikira ndiye kumene a Stafford sadabadwe nako. Adayamba kufunafuna injini ina yoti ilowe m'malo mwa ija. Ankamuitana Yasin kuti awagwirire tepi yoyezera kapena tochi, iwo akuyankhula okha mokweza m'Chingerezi chawo chothamanga. Injini ya njinga yamoto, ankatero, ndi yopepuka bwino koma imazungulira mopenga, ndipo kuilumikiza ndi pulopela, chifani chachikulu cha kumphuno chija, ndi ntchito ina pa yokha. Injini ya jenereta ndi yolimba koma yolemera, ndege ingangokhala ikuthamanga pansi ngati nkhanga. Yabwino idali ya galimoto zakale zija zozizira ndi mphepo, ndipo m'masikirapu a ku Industrial Area ikadapezeka. Koma ku Industrial Area kudali kotchingidwa chifukwa cha matendawo, apolisi ali pamsewu, wolowa osalowa, wotuluka osatuluka.

"Yes, sir," ankatero Yasin pa injini iliyonse. Nkhani yake idali iti? Iye adali wa pansi, zam'mwamba zidali za eni ake.

Amene adaona kumene mphepo ikulowera adali Flora. Tsiku lina Yasin akutuluka m'kachipinda kake atamaliza kuswali, mayiyo adamukodola kukhomo la khitchini.

"Achimwene, bwana ndawaona ndi tepi. Amayeza mkazi wanu uja. Boneti anatsegula okha."

Yasin adaseka mpaka kugwira khoma. "Galimoto ikwere ndege? Achemwali, ma-onion akukulowani m'mutu."

"Sekani. Koma akakufunsani za injini, munene kuti imatsokomola. Munene kuti imadya oyilo, imatentha, chilichonse. Mwamva? Wakutsina khutu ndi mnansi."

Adamva, ndipo usiku sadagone bwino. Chifukwa ukachotsa nthabwala, nkhani idali yosavuta kuimvetsa. Chitupa chake chokhalira m'dzikomo chidalembedwa kuti dalaivala wa panyumba ya a Stafford. Malamulo a nthawi imeneyo sankalola munthu kusintha ntchito popanda chilolezo cha bwana wake. Dalaivala wopanda galimoto ndi munthu woyembekezera tikiti yobwerera kwawo, ndipo ku Ntaja minibasi zomwezo zinkayenda ndi mipando yopanda anthu. Bodza la Flora lidali laling'ono kwambiri poyerekeza ndi zimenezo. Adaliloweza, adaliyeserera, lidakhala pa lilime tayale.

Funso lidabwera masana ena, dzuwa likuswa mtengo, pakati pa mwezi wa Ramadani. Yasin adali atamanga swaumu, kukhosi kuli gwa. Adapeza bwana ataima pa Subaru, boneti ili yasa, manja ali m'chuuno.

"Yasin, undiuze zoona," adatero a Stafford. "Chiyambire kuiyendetsa galimoto iyi, injini yake idakuzimirapo pamsewu?"

Bodza lija lidafika mpaka pamano. Koma munthu uli pa swaumu, wadzimana ngakhale dontho la madzi kuyambira m'bandakucha, ndiye uwononge zonsezo ndi bodza? Ichi ndi chifukwa chimene Yasin amapereka mpaka lero, ndipo ndi choona. Koma tisasenzetse Ramadani katundu yense. Chidaliponso china. Kunena kuti injini imeneyo imatsokomola kudali ngati kuima pagulu n'kunena kuti mwana wako ndi wakuba. Adaiyang'ana ili mbee, yopanda ndi kadontho komwe ka oyilo, ndipo mtima udamukwera.

"Wallahi, bwana, ngakhale kamodzi."

Akadalekera pomwepo, mwina. Koma pakamwa padatseguka. Adafotokoza za ulendo wa ku Dukhan mu Ogasiti, AC ili pamwamba, singano ya kutentha osasuntha. Adafotokoza za tsiku la chimvula lija, pamene galimoto zodula zidafera m'madzi pansi pa mlatho, Subaru n'kudutsa ngati palibe kanthu. Adanena kuti m'mawa imalira kamodzi kokha, kuti oyilo ukathira umamupeza mmene udamusiyira. Bwana ankangogwedeza mutu, maso akuwala, ndipo Yasin poona kuti akumvedwa adawonjezera moto. Paja mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

A Stafford adamenya boneti ndi chikhatho. "Ndiye ndi imeneyi! Taona mmene idagonera, yophwatalala, chimodzimodzi injini za ndege. Anthu ambiri adaziikapo pa ndege zawo. Ndimangofuna kumva kwa munthu amene amaidziwa."

Yasin adamva mawu onse, Chingerezi chake chidali chokwanira, koma mutu udakana kulandira. Adayang'ana injini, adayang'ana phanga la kumphuno kwa ndege, adayang'ananso injini. Pakhomo la khitchini Flora adali ataika manja kumutu.

Adaichotsa Loweruka lotsatira. Ndipo amene adamasula mabauti adali Yasin yemweyo, poti ndiye ankadziwa pamene sipanala imalowa bwino. Oyilo adamukhetsera m'beseni. Mawaya adawadula ndi kuwamanga timapepala. Kenaka bwana adakoka tcheni chimene adachipachika kudenga la galaja, ndipo injini idatuluka pang'onopang'ono, ikulendewera, ikuzungulira yokha. Yasin adaigwirizira ndi manja onse awiri kuti isagunde galasi. Idali ikadali yofunda, chifukwa m'mawa umenewo adali atailiza monga mwa masiku onse. Zimenezi zidamupweteka kwambiri, ndipo adalowa m'bafa n'kukhalamo nthawi yaitali.

Funso loti "Nanga ine?" sadafunse. Kwathu munthu sufunsa bwana funso limene yankho lake ukuliopa, chifukwa kufunsako kumakhala kumukumbutsa. Iye adasankha kukhala chete ndi kuoneka wotanganidwa. M'mawa uliwonse ankatenga ndowa ndi sopo n'kutsuka Subaru. Popanda injini, kutsogolo kwake kudakwera m'mwamba, ikuoneka ngati yonyada chonsecho m'mimba muli mbee. Ankaipopa matayala. Dzuwa likasuntha ankaikankha yekha kuilowetsa pamthunzi. Bwana ankadutsa pomwepo ndi zitsulo zawo, n'kumukwezera chala chachikulu.

Kumudzi sadanene. Lachisanu lililonse ankaimba foni ya kanema kwa mkazi wake Mwanjuma, ndipo kuyambira kale ankaimbira atakhala pampando wa dalaivala, chiwongolero chikuonekera, kuti apabanja aziona kuti bambo ali pantchito. Adapitiriza chomwecho. Koma Juni wa ku Doha alibe chinsinsi ndi munthu. M'galimoto yopanda AC mudali ngati mu uvuni wa njerwa.

"Bambo a Asani, thukuta limeneli bwanji?" adafunsa Mwanjuma. "Mukudwala? Ndi koronayo?"

"Ayi, ndili bwino. Network ikuvuta." Adadula.

Sabata yotsatira mayiyo adabwera atakonzeka. "Tayilizani galimotoyo ndiimve."

"Petulo ndi wa bwana."

"Ndiye imbani hutala yokha."

Batire nayo idali itapita kundege. Yasin adayang'ana chiwongolero, adayang'ana nkhope ya mkazi wake pakagalasi ka foni, n'kutulutsa zonse.

Mwanjuma adasendeza nkhope pafupi ndi foni. "Ndege?" adatero. "Ndege ya m'mwambayi? Achotsa injini m'galimoto n'kuika pa ndege?" Adayamba kuseka, kuseka kwa munthu amene wamva zosamveka, ndipo kusekako kudatembenuka pakati. Adapukuta maso ndi nsonga ya mpango. "Nanga inu mukuyendetsa chiyani?"

Limenelo ndi funso limene Yasin ankalithawa masabata onsewa.

Mu Seputembala adaimba Faruku Tabu, mnzake wa ku Ntaja komweko, yemwe ankagona ku Umm Ghuwailina ndipo ankayendetsa basi yonyamula antchito a kampani ina yoyeretsa m'maofesi.

"Aise, wamva? NOC, kalata ya chilolezo cha bwana ija, yatha. Khalas, basi! Pano ukhoza kutransfera osapempha sponsor. Umangopereka notice basi."

"Iwe, boma lingalole zimenezo?"

"Lalola kale! Anthu akuapplya pa foni. Ndipo kuno akufuna madriver. Ndamuuza kapitawo za iwe. Yalla, fulumira, tumiza madocuments, malo sadikira munthu."

Yasin sadatumize. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, adamuuza Faruku, koma iye dziwe lake ankalidziwa. Bwana Stafford sadamukalipirepo chiyambire. Malipiro ankabwera pa nthawi yake ngakhale galimoto idali pamthunzi. Ndipo zipata zidali zitayamba kutseguka. Adona akabwera ndi ana, adzayenda pa chiyani? Adzagula galimoto ina, inshallah, mwina yatsopano. Kuchoka pakhomo pa munthu amene sadakulakwire ndi pakamwa kudamuonekera ngati kuba. Faruku ankaimba, iye ankati mawa.

Tsiku loyesa injini lidafika m'mwezi wa Okutobala, Lachisanu m'mawa. Adaikankhira ndege pabwalo la nyumba, yopanda mapiko poti sakadakwana pakati pa makoma. Kumphuno kwake kudali injini ya Yasin, atailumikiza mapaipi achilendo, pulopela yamatabwa ili kutsogolo. Bwana adafotokoza kuti ndege ikamayesedwa imamangiriridwa kumchira ku chinthu cholemera kuti isathawe. Adayang'anayang'ana pabwalopo. Mtengo wa kanjedza udali kutali. Chimene chidali pafupi, chili phee kudikira, idali Subaru.

Adamanga chingwe kuchokera kumchira wa ndege kufika kuchitsulo chokokera cha kutsogolo kwa galimoto.

"Lowa, ugwire buleki," adatero bwana akumwetulira. "Dalaivala ndiwe."

Yasin adalowa, adakoka handibuleki, adaponda buleki. Flora adaima pakhonde, dengu la zochapa lili m'manja. Bwana adakwera m'ndege, adakuwa mawu ena ake, n'kutembenuza kiyi.

Idalira kamodzi kokha, monga mwa masiku onse.

Thupi lonse la Yasin lidachita tsembwe. Adali mawu omwe aja, kugunda komwe kuja kumene ankakumvetsera m'mawa uliwonse mutu atapendeketsa, koma tsopano popanda chotsekereza phokoso, akubangula kuchokera kutsogolo, kunja kwa galimoto. Mphepo ya pulopela idamwaza mchenga pagalasi. Zovala zimene Flora adayanika zidanyamuka pachingwe, malaya a bwana n'kudumpha mpanda kupita kwa aneba. Bwana adawonjezera moto. Chingwe chidakungika, chidanjenjemera, ndipo Yasin adamva chinthu chimene sadachimve kuyambira Ramadani: galimoto ikuyenda.

"La ilaha!" adakuwa.

Adaponda buleki ndi miyendo yonse iwiri, koma buleki ya galimoto yopanda injini imauma ngati mwala. Matayala akumbuyo ankakhwekhwereza pa matailosi amchenga. Chiwongolero nacho chidali gwa. Patsogolo, chakumanzere, padali thanki ya madzi. Adakhotetsa ndi mphamvu zonse za m'mapewa, nailambalala thankiyo pang'onong'ono, n'kukalowa m'miphika ya maluwa ya adona. Phwa! Phwa! Flora adataya dengu n'kuthawira m'khitchini akuitana Yesu. Apo ndi pamene bwana adacheuka, naona, nazimitsa.

Padangoti zii. Mlonda wa nyumba yoyandikana adasuzumira pampanda, malaya a bwana ali m'manja, kukamwa kuli yasa.

A Stafford adatsika akudumphadumpha ngati mwana. Adaiwala za korona, adaiwala za maluwa, adamugwira Yasin mapewa onse awiri iye akutuluka m'galimoto.

"Wamva? Wamva mmene ikukokera? Osaphonya ngakhale pang'ono! Ikafika kwathu imeneyi ndiiulutsa Khirisimasi isanathe."

"Kwanu, bwana?"

"Eya, ku Joni. Kuno chilolezo n'chovuta. Ilowa m'kontena limodzi ndi katundu wa m'nyumba. Adona akuti sabweranso, ana apeza kale sukulu kumeneko." Adanena zimenezi mopepuka, maso ali pa ndege, ngati nkhani imene aliyense ankaidziwa. Kenaka adamugwedezanso mapewa. "Ukudziwa, Yasin? Ndikadzakhala m'mwambamo, moyo wanga udzakhala pa injini imeneyi. Ndauika pa mawu ako."

Yasin adayang'ana Subaru itaima m'zigoba za miphika, mphuno ili m'mwamba, dothi lili pa bampala imene adaitsuka m'mawa womwewo. Sadakonzekere kuyankha. Mawu adangotuluka okha, motsitsa.

"Wanga udali kale pomwepo, bwana."

A Stafford adamusiya mapewa. Adamuyang'ana, adayang'ana galimoto, ndipo nkhope yawo idasintha pang'onopang'ono mpaka kufiira makutu. Apo ndi pamene Yasin adadzidzimuka koposa tsiku la tepi, koposa tsiku la tcheni, koposa ulendo wa m'maluwa uja. Miyezi yonseyi ankaganiza kuti bwana akumusungira yankho, labwino kapena loipa. Padalibe yankho. Munthuyo adali atayeza kulemera kwa injini, kutentha kwake, bauti iliyonse, koma za dalaivala wotsuka galimoto yakufa pakhomo pake m'mawa uliwonse adali akuziganizira koyamba pamenepo. Bola munthu wankhanza, amakhala kuti wakuganizirako.

"Yasin, ine... tiona chochita. Tikambirana."

"Mafi mushkila, bwana. Palibe vuto."

Adatulutsa makiyi a Subaru m'thumba, adawapukuta pa malaya monga ankachitira nthawi zonse, n'kuwaika pa boneti. Kenaka adapita kuseri kwa nyumba kukaimbira Faruku. Malo aja adali atapita, koma kapitawo adati basi ina ikubwera kumapeto kwa chaka, ndipo notisi ya Yasin idathera nthawi yomweyo. Tsiku limene kontena idabwera ku Al Waab, iye adali atasamuka kale. Flora, yemwe adapeza ntchito panyumba ina ya mumsewu womwewo, ndi amene adamuuza kuti Subaru idatengedwa ndi lole ya sikirapu.

Lero Yasin amagona ku Umm Ghuwailina, chipinda chimodzi ndi Faruku ndi anthu ena, ndipo amayendetsa basi yoyera yonyamula azimayi oyeretsa m'maofesi. Boneti amatsegulabe m'mawa uliwonse. Kansanza kaja akadali nako, koma amayamba wayang'ana uku ndi uku asanakatulutse. Basi yake ndi imene siidagonepo kugalaja pa basi zonse za pakampanipo, ndipo kapitawo adazindikira. Tsiku lina adamuimitsa pageti, nagogoda pa boneti, namufunsa kuti injini imeneyi ili bwanji.

Yasin adaimvetsera ikulira bwinobwino pansi pa dzanja la kapitawoyo.

"Ikuyesera, bwana," adatero, n'kutseka pakamwa.